Namwino amene anafunsa za masana a odwala obanika kutulo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa namwino amene akuchita digiri yachiwiri. Aphunzitsi ake amuuza kuti alembe za Terri Weaver, namwino wa ku America wofufuza za matenda obanika kutulo, ndiye akufunsa kuti: "Ndingadziwe bwanji kuti wofufuza anasinthadi zinthu? Ndingowerenga kuchuluka kwa mapepala ake a kafukufuku basi?"

Achemwali, chiwerengerocho mukachipeza mosavuta pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo mapepala a kafukufuku, koma musamangirepo nkhani yanu. Fufuzani zimene zikuchitika m'zipatala lero chifukwa cha mayiyu.

Matendawa mukuwadziwa. Munthu akagona, minofu ya kukhosi imalefuka n'kutseka njira ya mpweya. Mkonono umaduka, kupuma kumaima kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, kenako amadzidzimuka n'kukoka mpweya mwamphamvu, ndipo kumacha ali wotopa. Mu 1981 Colin Sullivan wa ku Sydney anabweretsa makina a CPAP, opopa mpweya kudzera pa masiki kuti kukhosi kusatsekeke. Madokotala ankayang'ana kwambiri za usiku, kuti kupuma kwaima kangati pa ola. Weaver, ali pa University of Pennsylvania, anafunsa monga namwino: nanga kukacha munthuyu akukhala bwanji?

Mu 1997 iye ndi anzake anatulutsa mndandanda wa mafunso 30 wotchedwa FOSQ. Wodwala amafunsidwa ngati tulo timamulepheretsa kuyendetsa galimoto, kumaliza chakudya, kuchezera abale, ngakhale kukhala malo amodzi ndi mnzake wa m'banja, nkhani imene ambiri sangaiyambe okha pamaso pa dokotala. Mafunsowa anamasuliridwa m'zilankhulo zambiri, ndipo mu 2009 anawafupikitsa kukhala 10. Ofufuza a mayiko ena akamayesa chithandizo chatsopano amatenga muyezo womwewu. Kwa ine umenewu ndi umboni woposa mapepala mazana.

Pepala limene ndikufuna mulikhalire pansi ndi la 2007, la m'magazini ya Sleep. Nthawi imeneyo anthu anali atazolowera kunena kuti wovala masiki maola 4 usiku ndiye kuti akutsatira chithandizo. Weaver anaonetsa kuti maola 4 amathandizadi ambiri kuti asamadzimve tulo masana, koma kuti kuyeza kwa mulabotale, koona mmene munthu akufulumirira kugona masana, kuonetse kusintha pamafunika maola pafupifupi 6, ndipo kuti munthu abwerere pa ntchito zake za tsiku ndi tsiku pamafunika pafupifupi 7.5. Zimenezi zimandikhudza, chifukwa wodwala wovula masiki pakati pa usiku akhoza kulembedwa m'faelo kuti zikuyenda, chonsecho akuwodzerabe pa chiwongolero.

Za maudindo mungotchulako mwachidule: kuyambira 2010 anatsogolera sukulu ya unamwino ya University of Illinois at Chicago.

Musasiye pepala lake lina la 1997. Poona mmene odwala ankagwiritsira ntchito makinawa usiku ndi usiku kwa miyezi itatu, anapeza kuti chizolowezi chimakhazikika m'sabata yoyamba, ndipo odumphadumpha amayamba kudumpha masiku oyambirira omwewo. Choncho namwino asadikire tsiku la kiliniki mwezi wamawa. Aimbe foni sabata yomweyo, afunse ngati masiki ikuthina pamphuno, ngati mpweya ukudontha m'mbali, ngati kukamwa kukuuma, ndiponso ngati amene amagona naye m'chipinda akumulimbikitsa kapena akudandaula phokoso.