Yankho kwa asuweni pa nkhani ya zothira mu saladi

Asuweni, uthenga wanu ndaumva, ndipo ndaona kuti ndiyankhe ndi mawu chifukwa ndikati ndilembe zala zanga sizifika kumene nkhaniyi ikufuna kufika. Mwafunsa kuti pa mabotolo a dressing amene ali m'sitolo, ndi liti limene munthu wofuna kuchepetsa thupi angathire mu saladi osanenepa nalo, ndipo mwati amene akufuna kudziwa ndi mnzanu wina wa kuntchito. Mnzanu ameneyo ndikumulemekeza, koma ndikuona ngati ndimamudziwa. Ndikuona ngati amavala malaya a mizeremizere, amakhala mpando wa pafupi ndi wailesi ya kanema kunyumba kwanu ku Area 49, ndipo mwezi wathawu anachokera kuchipatala atauzidwa za BP ndi za mimba imene yayamba kutsogola pofika pakhomo. Alamu, ngati mukumvetsera, moni wanu ndi ameneyu, ndipo musakwiye chifukwa pagulu pano palibe mlendo.

Choncho funso limene ine ndalimva si la botolo. Ndamva funso la mayi amene wayamba kuika kabichi wouma patebulo, mwamuna n'kumangomutembenuza ndi foloko, kenako n'kudzuka mwakachetechete kupita kufiriji, ndipo mayiyo akufuna kudziwa chimene angachite kuti chakudya chidyedwe popanda mlandu wa usiku uliwonse. Ngati ndaphonya mudzandiuza, koma sindikukhulupirira kuti ndaphonya.

Ndisanayankhe, ndiloleni ndikukumbutseni za amalume a ku Area 25, chifukwa ana amene alowa pagulu pano posachedwa nkhaniyi amangoimva mbali imodzi. Chinali chaka chija cha chinkhoswe cha ku Likuni, mlandu wa mbuzi uja utangotha kumene. Ayi, ndikonze, mlandu wa mbuzi unali usanathe, chifukwa ndikukumbuka kuti amalume ndi abambo aang'ono anali asanayambe kukhalirana mkeka umodzi. Amalume anasankhidwa kukhala ankhoswe, ndipo suti yawo ya bulauni, imene inaonekera pa ukwati uliwonse wa m'banja muno, inakana kumanga batani la pakati. Iwo analengeza pamaso pa aliyense kuti nsima aisiya, ndipo kuyambira tsiku limenelo chakudya chawo chamadzulo chidzakhala saladi basi.

Muyenera kuwapatsa ulemu wawo, chifukwa mawu amenewo anawasunga. Ankatsika okha kupita kumsika wa Lizulu kukasankha kabichi wolimba mutu, karoti, tomato ndi anyezi, ndipo panyumba sankalola mwana aliyense kugwira mpeni. Ankadula kabichi mopyapyala kwambiri, atakhala pakhonde, beseni lili pamiyendo, magalasi ali kumapeto kwa mphuno, ndipo aliyense wodutsa pamsewu ankaitanidwa kuti adzamve za kuipa kwa nsima ya ufa woyera. Ife amene tinkapita kukacheza tinkadya nsima yathu mwamanyazi, iwo akutiyang'ana ngati anthu otayika. Anafika mpaka pokana nsima pamaliro ku Nathenje, zimene agogo sanawakhululukire mpaka kumwalira kwawo.

Chimene sitinkachiona n'chimene chinkachitika beseni lija likalowa kukhitchini. Amalume ankatenga botolo lalikulu la mayonezi, n'kulowetsamo supuni yopakulira mpunga, osati yodyera, n'kutapa mpaka kabichi yense atayera, karoti osaonekanso mtundu wake. Akalawa n'kuona kuti wawawasa, ankawazamo shuga. Akaona kuti wauma, ankadontheza mafuta ophikira pamwamba kuti azitsetsereka pakhosi. Ndiye ankatuluka ndi mbale yodzaza, n'kukhala patebulo monyadira, n'kumati onani munthu wodziletsa.

Chinkhoswe chitayandikira anayesa suti ija, ndipo tsopano si batani la pakati lokha limene linakana, ngakhale la m'mwamba linakananso. Woyamba kuimbidwa mlandu anali wochapa, akuti anaichapa ndi madzi otentha. Wachiwiri anali telala wa ku Kawale amene anapatsidwa kuti aikulitse, akuti m'malo mokulitsa anaba nsalu. Wachitatu anali mnyamata wa sikelo wa pafupi ndi depoti, amene amalume anakangana naye anthu akuonerera, akuti sikelo yake ndi yakuba ndipo ndalama yawo ibwezedwe. Anawoloka mlatho kukakwera sikelo ina, ndipo nayonso inanena zomwezo. Amene anathetsa nkhaniyi ndi akazi awo, aNamoyo, ndipo sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anangotenga mabotolo opanda kanthu amene ankawasunga kuti aziikamo mchere ndi tsabola wa kambuzi, n'kuwandandalika pakhonde pomwe paja podulira kabichi, n'kufunsa kuti, bambo, onsewa anadya ndani m'nyumba muno? Amalume anayang'ana mzere wa mabotolowo nthawi yaitali, kenako anati mayonezi wa masiku ano amamuika m'mabotolo aang'ono. Ku chinkhoswe anapita ndi suti yobwereka kwa bambo anu, ndipo ndi chifukwa chake pachithunzi chija manja a jekete akubisa zala.

Dikirani pang'ono, ndimwe madzi. Eya.

Tsopano tiwawerengere amalume masamu awo, chifukwa masamuwo ndi amene akukhudza alamu. Kabichi wosaphika wolemera magalamu 100 ali ndi makalori (ndiwo muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi) pafupifupi 25 okha, tomato sakwana n'komwe pamenepo, ndipo karoti ali ndi pafupifupi 40. Mbale yodzaza ndi masamba amenewa singanenepetse munthu. Koma galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene galamu ya shuga kapena ya sitachi wa mu ufa ili ndi 4, kotero supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Mayonezi weniweni ndi mafuta omenyedwa pamodzi ndi dzira ndi viniga, ndipo supuni yaikulu imodzi imafika pa 90 kapena 100. Munthu akathira masupuni asanu ndi imodzi, wadya makalori oyandikira 600, pamene nsima yophikidwa ndi ufa wa magalamu 150 ili ndi pafupifupi 540. Amalume anathawa nsima n'kukakumana ndi zoposa nsimayo m'mbale ya kabichi, ndipo m'mawa ankadzuka ndi njala chifukwa mayonezi sakhala m'mimba ngati mgaiwa.

Ndikudziwa kuti wina pagulu pano, ndipo sindimutchula dzina chifukwa ali ku Johannesburg sangadziteteze, anena kuti mugule mafuta a olive. Mafutawo ndi abwino ndithu ku mtima, koma pa makalori sasiyana ndi a mpendadzuwa kapena a soya amene timagula pagolosale, supuni ndi 120 yomweyo, kusiyana kwake ndi mtengo basi. Mabotolo olembedwa kuti light nawonso amafuna maso, chifukwa opanga akachepetsa mafuta nthawi zambiri amaonjezera madzi, sitachi, shuga ndi mchere kuti msuziwo ukhalebe wokhuthala ndiponso wokoma. Makalori amachepadi, sindikukana, koma munthu akawerenga mawu amenewo dzanja limamasuka, amathira kawiri, ndipo kwa wodwala BP mchere umenewo ndi nkhani ina yakeyake. Mukafuna kuyerekeza mabotolo awiri, tembenuzani kuseri muwerenge mzere wa magalamu 100, osati wa mlingo wakudya kamodzi, chifukwa mlingo umenewo kampani iliyonse imadziikira wake. Mabotolo ambiri ochokera ku South Africa amalemba mphamvu ya chakudya mu kJ, ndiye nambalayo muigawe ndi 4.2 kuti mupeze makalori, musakomoke m'sitolo poona 2,000.

Ndiye yankho langa, asuweni, ndi ili: musasake botolo lina, koma muziyeza ndi supuni chimene mukuthira, muzisakaniza nokha kukhitchini, ndipo botolo lisafike patebulo. Saladi azibwera atathiridwa kale.

Ndikuuzeni m'mene ndimachitira kwathu pa mbale ya anthu anayi. Ndimatenga kabotolo ka jamu kotsuka bwino, n'kuikamo masupuni aakulu awiri a mafuta, masupuni awiri kapena atatu a madzi a mandimu, supuni imodzi ya madzi akumwa, kachidutswa ka adyo kosinja, tsabola pang'ono ndi mchere wotsina ndi zala ziwiri. Ndimatseka n'kukhutchumula mpaka zitasanduka zotuwa, n'kuthira pa masamba n'kutakasa ndi manja kuti tsamba lililonse linyowe. Mabuku a zophikaphika amati mafuta azikhala magawo atatu pa gawo limodzi la viniga, koma mlingo umenewo si wa munthu amene akuwerenga makalori, ndipo kabichi wathu amalola zowawasa popanda vuto. Masupuni awiri a mafuta ndi makalori 240, ndipo mukagawa kwa anthu anayi aliyense watenga 60. Madzi a mandimu ndi viniga musawawerengere n'komwe, chifukwa supuni yake siposa makalori 5.

Koma alamu ndikuwadziwa, amafuna choyera chija chimene anachizolowera pa maukwati. Pamenepo tengani chambiko kapena yogati wopanda shuga masupuni anayi, muikemo supuni imodzi yokha ya mayonezi kuti fungo lake limveke, mufinyiremo ndimu, muikemo anyezi wodula tinthu ting'onoting'ono. Yogati wotere ali ndi makalori pafupifupi 60 pa magalamu 100, pamene mayonezi wolemera chimodzimodzi amafika kufupi ndi 700. Kabichi muyambe mwamufinya pang'ono ndi manja kuti afewe ndi kutaya madzi, apo ayi msuziwo usungunuka n'kukhala pansi pa mbale. Muzikonza wokwanira tsiku lomwelo, chifukwa zamkaka sizichedwa kuonongeka magetsi akazima. Nyengo ya mapeyala mutha kupota theka la peyala ndi madzi a mandimu m'malo mwa mayonezi, koma dziwani kuti peyala nalo lili ndi makalori pafupifupi 160 pa magalamu 100, choncho si la kungoponyamo lonse. Nsinjiro ndiye samalani nazo kwambiri, zimapitirira 550.

Chinthu chimodzi musachite, ndipo apa ndikunena ndi inu asuweni, chifukwa mukapsa mtima mumapitirira muyeso ngati mmene munachitira ndi makatani aja. Mafuta musawachotseretu. Mavitamini A, D, E ndi K amalowa m'thupi mothandizidwa ndi mafuta, ndipo chimene chili mu karoti chimene thupi limasandutsa vitamini A chimayamwidwa bwino pakakhala timafuta. Komanso saladi wouma ndi amene amatumiza mwamuna kuchiwaya pochokera kuntchito, n'kufika kunyumba akunena kuti sakumva njala. Za mchere, bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, kumene ndi pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi pa zakudya zonse za tsikulo, ndipo mandimu ndi adyo amathandiza kuti lilime lisaufunefune. Nsimanso musawalande, mungochepetsa chipande chimodzi, masamba achuluke m'mbale. Mankhwala ndi zina zimene anauzidwa kuchipatala azitsatira monga anauzidwira, ine si dokotala, ine ndi msuweni chabe amene anaona mabotolo pakhonde.

Ndibwerezenso chifukwa ndikudziwa kuti mukumvetsera uku mukutsuka mbale: nkhani yagona pa supuni, osati pa dzina la botolo. Ngakhale mayonezi amene ali mufiriji yanu panopa ndi wololedwa, bola supuni imodzi pa mbale ya banja lonse, yoyezedwa ndi dzanja lanu, osati la alamu. Ndipo supuni yake ikhale yodyera, yosadzaza mpaka kupanga phiri, chifukwa ya amalume ija nayonso ankaitcha supuni.

Amalume, ndikudziwa kuti ana akuseweretsani uthengawu, ndipo ndikudziwa kuti muimba foni kunena kuti telala uja anabadi nsalu. Ndiyankha, koma muimbe ikatha nthawi ya nkhani pa wailesi. Asuweni, inu yezani ndi supuni, sakanizani kukhitchini, botolo libwerere kufiriji chakudya chisanafike patebulo, ndipo mnzanu wa kuntchito uja mumuuze zomwezo. Loweruka ndidutsa kwanu pochokera kumsika, ndibweretsa mandimu ndi kabotolo ka jamu, koma chambiko mugule nokha chifukwa minibasi ya ku Area 49 imachedwa kudzaza ndipo chingafike chitatentha.