Kodi anthu a ku Mali atidziwa bwanji kuno ku Joni?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mchemwali wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Anatumiza chikwama cha zovala kwawo ku Mangochi pa basi ya ku Park Station. Patangopita masiku awiri, foni inalira: meseji yoti katundu wagwidwa pa boda, alipire R35 podina linki yothera ndi .ml. Mwana wa abwana ake anamuuza kuti .ml ndi Mali. Ndiye akufunsa kuti, anthu a ku Mali adziwa bwanji za chikwama changa?

Achemwali, mwachita bwino osadina. Koma a ku Mali asiyeni, mlanduwu si wawo kwenikweni. Ndipo za chikwama chanu wakubayo sakudziwa kanthu. Meseji yomweyo waitumiza kwa anthu miyandamiyanda, podziwa kuti mu Johannesburg muno tsiku lililonse pali wina amene akudikira katundu. Inu mwangokodwa mu ukonde woponyera aliyense.

Dziko lililonse lili ndi zilembo zake ziwiri pa intaneti. Yathu ndi .mw, imene imayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi SDNP. Ya kuno ndi .za. Vuto ndi loti mayiko ena amagulitsa mayina a mawebusayiti othera ndi zilembozi kwa aliyense, osafunsa kuti ukukhala kuti. Kwa zaka zambiri kampani ya ku Netherlands yotchedwa Freenom inkachita kugawa ulere mayina a .ml, .ga ya Gabon, .cf ya Central African Republic, .gq ya Equatorial Guinea ndi .tk ya Tokelau. Tokelauyu ndi tizilumba titatu m'nyanja ya Pacific, anthu ake osakwana 2,000, koma panthawi ina mayina a .tk anachuluka kuposa a Germany. Tangoganizani! Wakuba amatsegula dzina m'mawa, likatsekedwa madzulo watsegula kale lina, osalipira olo senti.

Mu 2023 Meta, eni ake a Facebook ndi WhatsApp, anasumira Freenom kukhoti, ndipo kugawa kwaulere kuja kunaima. Chaka chomwecho boma la Mali linatenganso .ml m'manja mwake. Panamvekanso nkhani yoseketsa: maimelo ambiri a asilikali a America, oyenera kupita ku .mil, ankagwera ku .ml chifukwa olemba ankaiwala chilembo chimodzi chokha.

Akubawo sanasiye ntchito, anangosamukira ku mayina ena otchipa. Olo .co.za aliyense atha kugula, ndiye musamati poti ndi ya kuno ndi yabwino.

Ine ndimachita chonchi. Ndimayang'ana pamene pali kamzere kopendekera koyamba pambuyo pa dzina, kenako n'kuwerenga chobwerera kumanzere. Linki ikalembedwa dzina la banki yanu, .co.za, kenako mawu ena n'kuthera .ml, mwini wake ndi wa kumapetoyo. Dzina la banki lija ndi chovala chabe. Pa foni yaing'ono linki imaduka, mumangoona koyambirira, ndipo akubawo amadalira zimenezo.

R35 si imene akufuna. Akufuna manambala a khadi lanu ndi OTP, nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi, yomwe banki itumize mukamalipira.

Za chikwamacho, imbirani a basi pa nambala ili pa lisiti lomwe anakupatsani ku Park Station. Mwinanso muyambe mwaimbira kumudzi, n'kutheka ana avala kale zovalazo.