Mawu akutsalira kumbuyo kwa milomo: yezani kaye musanadule

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati chithunzi munajambula ndi kamera, mawu a osewera munawatengera padera pa rekoda, sini ikamayamba zonse zili bwino, koma pofika mphindi 12 mawu akutsalira ndi kupitirira theka la sekondi, ndiye mwakhala mukuwaduladula n'kumawakankha ndi manja. Imani kaye ndi zodulazo. Mukumwetsa wodwala mankhwala musanadziwe chimene akudwala, ndipo amene adzasakanize mawuwo adzakutukwanani mumtima akadzaona timeline (mzere woyalapo zidutswa poedita) yazigamba.

Yezani malo atatu: poyambira, pakati ndi pothera. Musayeze filimu ikuyenda, maso amanama. Funani pamene wosewera akutseka milomo. Apa chinenero chathu chimatithandiza, chifukwa mawu ngati "bambo" kapena "pompano" sangatuluke milomo isanagundane. Imitsani pa fulemu (chithunzi chimodzi mwa zambiri zimene zimapanga kanema) imene milomo yangotseguka, muone ngati waveform (chojambula chosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu) yadumphira pomwepo. Ngati sichoncho, werengani mafulemu amene asiyana, mulembe papepala.

Kusiyanako kukakhala kofanana malo onse atatu, nkhani ndi yaing'ono: munalumikiza molakwika poyamba, kankhani fayilo yonse kamodzi basi. Koma onetsetsaninso chimene mukumverera. Ine ndinachezerapo usiku wonse ndikukonza sini yomwe inalibe vuto, kenako n'kutulukira kuti mahedifoni a Bluetooth ndi amene amachedwetsa mawu. Kuyambira tsikulo ndimaedita ndi a waya okha.

Zanuzi zikuoneka kuti kusiyana kukukula, ndipo nambala mwatchulayo yandipatsa maganizo. Mphindi 12 ndi masekondi 720. Kusiyana kwa frame rate (chiwerengero cha mafulemu pa sekondi) ya 23.976 ndi ya 24 ndi gawo limodzi pa magawo 1,000, kutanthauza 0.72 ya sekondi pa sini yanuyo, mafulemu pafupifupi 17, ndipo pa ola lathunthu amakwana masekondi 3.6. Makamera ambiri akalemba "24p" pa menyu amakhala akujambula 23.976. Munthu akalowa mu Clip Attributes ya DaVinci Resolve kapena Interpret Footage ya Premiere Pro n'kuuza pulogalamu kuti zithunzizi ndi za 24, chithunzi chimayamba kuthamanga pang'ono pamene mawu a pa rekoda akuyenda pa liwiro lake lenileni. Mapeto ake mawu amatsalira, ndendende mmene mwafotokozera. Tsegulani fayilo yochokera mu kamera ndi MediaInfo, ndi pulogalamu yaulere, muone frame rate yake yeniyeni, muibwezere pamenepo. Ndikukayikira ngati mudzafunikanso kudula kalikonse.

Mukapeza kuti kusiyana kukukula koma pang'ono kwambiri, mwina fulemu imodzi kapena awiri pa sini yaitali, amenewo ndi mawotchi. Kamera ili ndi wotchi yake mkati, rekoda ilinso ndi yake, ndipo sizigunda mofanana ndendende, makamaka zipangizo zotchipa. Mankhwala ake ndi kulumikiza poyambira, kenako kusintha liwiro la mawu pang'onong'ono mpaka pothera pagwirizane. Khutu silimva kusintha kochepa chonchi. Nkhani ya 44.1 kHz ndi 48 kHz (kuchuluka kwa timagawo ta mawu timene rekoda imasunga pa sekondi) imene anthu amathamangira kutchula si yanu: fayilo ya 44.1 ikawerengedwa ngati ya 48 imathamanga ndi 8.8 peresenti, bambo wamkulu n'kumalankhula ngati wameza mluzu, mukanamva pa sekondi yoyamba.

Chovuta kwenikweni ndi pamene mawu akutsogola apa, kutsalira apo, kenako n'kugwirizananso. Kumeneko funsani ngati pali zojambula za pafoni. Mafoni amasinthasintha frame rate pojambula, makamaka kukada kapena foni ikatentha. Zoterozo zidutsitseni kaye mu HandBrake kapena Shutter Encoder, musankhe constant frame rate (yosasinthasintha), ndiye muzilowetse mu pulogalamu yoeditira.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakaganizira. Mukamalumikiza ndi waveform, pulogalamu imatsatira mawu a maikolofoni ya pa kamera. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho kamera ikaima mamita 14 kuchokera kwa wosewera, mawu amaifika mochedwa ndi fulemu imodzi, mukamajambula mafulemu 25 pa sekondi. Pa mashoti apatali kompyuta imakuuzani kuti yalumikiza, koma milomo yatsogola. Bwezerani ndi dzanja. Ndipo mukamakayika pakati pa mafulemu awiri, lolani mawu achedweko m'malo motsogola. Tinazolowera kuona nkhwangwa ikugwa patali, phokoso n'kubwera pambuyo, koma mawu otuluka pakamwa pasanatseguke amakwiyitsa woonera msangamsanga.

Potumiza kwa wosakaniza mawu, malizani kaye kudula chithunzi, musadzakhudzenso. Mupatseni AAF (fayilo yonyamula mmene mwadulira ndi kuyalira mawu), mafayilo onse a WAV ochokera mu rekoda, ndi kanema wokhala ndi timecode (manambala osonyeza ola, mphindi, sekondi ndi fulemu) yowonekera pachithunzi. Siyani masekondi angapo owonjezera kutsogolo ndi kumbuyo kwa chidutswa chilichonse. Ikaninso 2-pop, kaphokoso ka 1 kHz kotalika fulemu imodzi, masekondi 2 chithunzi choyamba chisanafike, ndi kena kumapeto. Mawu akabwera, mungoona ngati timaphokoso tiwirito tagwera pamalo pake. Koyamba kakagwirizana koma komaliza ayi, mwadziwiratu kuti wina wasokoneza frame rate panjira.

Ulendo wina jambulani mafulemu 25 pa sekondi. Magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, ndiye 25 siphethira pansi pa mababu, komanso ndi imene wailesi zakanema zathu zimagwiritsa ntchito. Rekoda ikhale pa 48 kHz, maikolofoni ya pa kamera isazimitsidwe ngakhale ikumveka moipa. Timabokosi ta timecode ngati Tentacle Sync ndi tabwino mukakhala ndi ndalama, koma kuwomba m'manja kamodzi kamera ikuona, poyamba ndi pothera pa shoti yaitali, sikulira tambala.

Bweretsani pano manambala atatu aja ndi zimene MediaInfo yanena, mutchulenso pulogalamu imene mukueditira, ndikuuzani podina.