Anthu akungodutsa patebulo langa la mikanda, ndikulakwitsa pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene amatunga mikanda. Ndaifupikitsa, ndipo dzina ndalibisa monga anapempha:

"Ndakhala ndikupanga ndolo, zibangili ndi mikanda ya m'khosi kwa zaka ziwiri tsopano. Ndimagulitsa pa WhatsApp ndipo zimayenda ndithu. Mwezi watha ndinalipira malo pachionetsero cha ntchito zamanja. Ndinayala chitenje changa chokongola kwambiri patebulo, n'kuikapo katundu yense amene ndinali naye. Tsiku lonse ndinagulitsa ndolo zitatu basi. Mayi amene ndinayandikana naye, katundu wake wosafika n'theka lomwe la wanga, anatsala pang'ono kumaliza. Kodi mitengo yanga ndiye yakwera?"

Achemwali, zikomo pondilembera, ndipo pepani, tsiku lotere limapweteka. Koma mitengo isiyeni kaye. Munthu amene sanaime patebulo lanu sanaumve mtengowo, ndiye sungakhale umene unamuthamangitsa. Yankho mwalilemba nokha m'kalata yanu: chitenje chokongola, ndi katundu yense.

Tiyambe ndi chitenjecho, poti ine ndemwe ndinagwa m'mbuna yomweyo. Chitenje anachipanga kuti chikope maso pachokha. Chili ndi maluwa ake, mizere yake, mitundu inayi kapena isanu. Mkanda ndi kanthu kakang'ono, ndolo ndiye n'kachepereratu. Mukaziika pamwamba pa maluwa aja, chitenje chimazimeza, ndipo wodutsa amaona nsalu yokha. Ine tsiku lina mayi wina anaima patebulo langa, ine mtima phaa kuti wogula wafika, iye n'kundifunsa kuti chitenjechi mukugulitsa bwanji. Kuyambira pamenepo ndimayala nsalu ya mtundu umodzi. Pakaunjika pamapezeka makatani ndi nsalu zapabedi zopanda maluwa, zotchipa. Yakuda imawalitsa mikanda yoyera, yasiliva ndi yachikasu, koma imaonetsa fumbi msanga, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala. Chiguduli chochapa bwino chimagwirizana ndi zinthu zamtengo, zachikopa ndi mikanda yofiira. Chitenje chanu musachisiye kunyumba ayi. Chilendewetseni kutsogolo kwa tebulo mpaka pansi, chibise makatoni ndi zikwama zanu, chiziitana anthu patali. Pamwamba pokha ndiye pasakhale phokoso.

Chinthu chachikulu kuposa nsalu ndi ichi: munthu akamayenda pakati pa matebulo sayang'ana pansi. Maso ake amakhala kutsogolo, pamsinkhu wa nkhope za anthu. Katundu wogona chafufumimba patebulo amamuona amene waima kale. Woyendayo amangoona m'mphepete mwa tebulo ndi inuyo mutakhala kuseri kwake. Choncho katundu aimirire.

Sizilira kugula zipangizo zodula za m'masitolo. Lichero latsopano mukaliimika n'kulichirikiza kumbuyo, timipata ta nsungwi zolukazo timakola ndolo bwinobwino, ndipo lichero lenilenilo limakongoletsa. Nthambi youma ya mphanda zambiri, yopalidwa makungwa, mukaizika mumphika wadothi wodzaza mchenga, imasanduka mtengo wopachikapo mikanda ya m'khosi. Zibangili zivekeni botolo. Mphete zizikeni m'kansengwa ka mpunga kuti mitu yake iziyang'ana kumwamba, ndipo musawononge Kilombero wa ku Karonga, mpunga woswekasweka ukwanira. Pansi pa nsalu ikani makatoni a misinkhu yosiyana kuti tebulo likhale ngati masitepe, kutsogolo kotsika, kumbuyo kokwera. Pamwamba penipeni ikanipo chinthu chimodzi chachikulu, mkanda umene munautayira masiku ambiri kuutunga, ngakhale mukudziwa kuti mwina sugulidwa tsikulo. Imeneyo ndi nyambo. Munthu amabwera kudzaona umenewo, n'kuchoka atagula ndolo.

Tsopano za katundu yense uja. Ndikumvetsa chimene chinakuchititsani: malo mwalipira, mukufuna chilichonse chipeze mwayi. Koma zinthu zikathithikana diso limasowa pogwera, ndipo mulu wa mikanda umaoneka ngati wotchipa ngakhale ntchito yake ili yapamwamba. Mnzanu uja kuchepa kwa katundu sikunamulepheretse, anagulitsa chifukwa chakuti katunduyo anali wochepa, chilichonse chinali kuoneka. Yalani theka, kapena kuchepera apo. Pakati pa chinthu ndi chinzake pakhale mpata woti dzanja lilowe osagwetsa kanthu. Otsalawo akhale pansi pa tebulo, osanjidwa bwino m'timabokosi. Wina akagwira chibangili chofiira n'kumazengereza, inu mumati, "Ndili nacho china chobiriwira, dikirani ndikuonetseni." Chotuluka m'bokosi chimaoneka ngati mwamusungira iyeyo.

Mukamaliza kuyala, tulukani kuseri kwa tebulo, yendani mapazi khumi, mutembenuke, mudutse ngati mlendo amene sakukudziwani. Chimene maso anu agwerapo poyamba n'chiyani? Ngati yankho ndi botolo la madzi kapena jumbo ya mandasi, bwererani mukakonze. Ine ndimajambulanso chithunzi pafoni, chifukwa chithunzi sichinyengerera mwini wake.

Galasi musaliiwale. Palibe mayi amene amagula mkanda wa m'khosi asanadzione atauvala, ndipo akangodziona, theka la malonda latha. Likhale lalikulu loti nkhope ndi khosi zioneke pamodzi, ndipo liikeni kumapeto kwa tebulo kuti woyesayo asatsekereze ena. Pafupi pakhale thonje ndi sipiliti zopukutira ndolo zimene wina wayesa. Koma limangeni. Langa loyamba linasweka chaka china mu Okutobala pamene kamvuluvulu anadutsa pabwalo, anakweza nsalu, ndolo zonse mbwee m'fumbi, ine n'kumatola chogwada anthu akundithandiza. Lero sindichoka pakhomo popanda mapegi oyanikira zovala, chingwe, ndi miyala inayi yochindikala.

Za mitengo, ngakhale ndati si zimene zinakugwetsani, pali mawu. Pamalo ogulitsira ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town, kunenerera ndiye mwambo, wogula ndi wogulitsa onse amadziwa masewerawo. Pachionetsero n'zosiyana. Ambiri a ife timachita manyazi kufunsa mtengo poopa kuti ukakhala wokwera tichoka bwanji, ndiye timangodutsa osafunsa. Lembani mitengo ioneke. Njira yosavuta ndi kusanja katundu m'magulu: lichero ili zonse mtengo umodzi, nthambi iyi mtengo wina, kakhadi kamodzi pagulu lililonse. Zimathandizanso posintha. Chichokereni Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, aliyense wogula waya, ngowe za ndolo ndi mikanda yochokera kunja akudziwa kuti mtengo wa lero si wa mwezi wamawa. Kusintha makhadi asanu n'kopepuka kusiyana ndi kumatula timapepala pandolo iliyonse. Pakhalenso kanthu kotchipa kamene mwana wasukulu angakwanitse, poti tebulo limene paima anthu limaitana anthu ena.

Chenje mupite nacho chokwanira, chifukwa wogula woyamba m'mawa amatulutsa K5,000. Nambala za Airtel Money ndi Mpamba zilembedwe ndi zilembo zazikulu. Ndipo ndalama ikatumizidwa, onani uthenga pafoni yanu, osati pa yake.

Simunanene kuti chionetsero chotsatira chili kuti, koma malo amasintha zambiri. Kubwalo la zionetsero la Chichiri ku Blantyre, kumene bungwe la amalonda ndi eni mafakitale la MCCCI limachititsa chionetsero cha zamalonda, mumakhala masiku angapo, ndiye muyenera kuganiza za kolongedza katundu madzulo alionse ndi kukhala ndi katundu watsopano woyala mawa lake. Kuzisangalalo za nyimbo monga Tumaini ku Dzaleka m'boma la Dowa, imene inayamba mu 2014, kapena Lake of Stars imene inayambira ku Chintheche mu 2004, anthu amabwera kudzavina, amagula chimene angavale pompo, ndipo malonda amatha kupitirira dzuwa litalowa. Kumeneko nyali ziwiri za sola zowala moyera n'zofunika ngati katundu amene. Musanalipire funsani okonzawo kukula kwa malo, ngati tebulo ndi mpando akupatsani, ngati pali denga ndi magetsi. Funsaninso mtundu wa tenti. Tenti yabuluu kapena yofiira imapaka mtundu wake pachilichonse chili pansi pake, mkanda woyera n'kuoneka wodwala. Yoyera ndiye yabwino, ndipo ikakhala yamtundu, kankhirani tebulo kutsogolo kuti kuwala kwa dzuwa kufike.

Pali china chimene ndimalimbikira kwambiri, ndicho kunena zoona za katundu. Dziko lathu lili ndi miyala yake yamtengo wapatali: aquamarine wa ku Mzimba, ruby wa kuphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu. Ngati mwagwiritsa ntchito mwala weniweni, lembani dzina lake ndi kumene unachokera, ogula amakonda kukafotokozera anzawo. Ngati ndi galasi, nenani kuti ndi galasi, palibe chamanyazi. Zoyera zosema kuchokera ku fupa la ng'ombe zilembedwe kuti ndi fupa la ng'ombe, chifukwa alendo amaopa kukagwidwa pabwalo la ndege, ndipo akulondola kuopa: lamulo loteteza nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende pamilandu ya minyanga ya njovu. Tinjere tofiira tokhala ndi kadontho kakuda timene ena amatunga m'mikanda ndi tapoizoni, makamaka tikabooledwa. Ine sinditiika n'komwe patebulo pamene ana amagwiragwira.

Kenako pali inuyo. Ndikufunseni mwachibale, achemwali: tsiku lija munatha maola angati mutakhala pampando, mutu uli pafoni? Sindikukudzudzulani, malonda akamavuta tonse timathawira kumeneko. Koma wodutsa akaona mwini tebulo atawerama amaona ngati akusokonezani. Valani ndolo zanu ndi mkanda wanu. Imirirani chapambali, mupereke moni, kenako musiyeni munthu ayang'ane, osamuunjikira mawu ngati kondakitala wa minibasi. Pakakhala zii, tulutsani singano muzitunga mikanda pomwepo. Anthu amaima kuonerera manja akugwira ntchito, ndipo amene waona kuti chibangili chimodzi chimatenga nthawi yotani sanenerera mopweteka. Pitani ndi mnzanu kapena mwana wamkulu woti azikuyang'anirani pamene mukupereka chenje, ndipo zinthu zing'onozing'ono zodula zikhale chakumbuyo, pafupi ndi dzanja lanu.

Musanapite kuchionetsero china, yalani tebulo lonse pakhonde panu Loweruka lina, monga mmene mudzayalire tsikulo. Itanani mnansi wosakunyengererani adutse, mumufunse chimene waona poyamba ndi mtengo wake. Jambulani chithunzi mutaima patali, munditumizire pa imelo yomweyi, ndidzakuuzani zoti muchotsepo.