Zinyalala za nyukiliya sizipsa, achimwene

Bambo wina wa ku Lizulu wanditumizira imelo: "Bwanji zinyalala za nyukiliyazi osangoziwotcha basi?" Achimwene, mwandikumbutsa chilonda. Funso lomweli ndinafunsa ndili Fomu 3, kalasi yonse n'kufa nazo kuseka, aphunzitsi n'kungopitiriza kulemba pabolodi. Temu yonseyo sindinakwezenso mkono.

Yankho ndinadzalipeza kwa agogo anga kuno ku Dedza, omwe sukulu sanaiponde n'komwe. Ankaumba mbiya. Dongo la kudambo ankaliponda, kuumba, kuyanika pamthunzi, kenako kuwotcha ndi makungwa mpaka lifiire. Akaigogoda ndi chala n'kulira kuti ngwee, ndiye kuti yapsa. Dongo lomwe mvula ikanalikokolola linkasunga madzi zaka ndi zaka. Moto sunalithetse dongolo, unangolimanga.

Ku fakitale yokonza zinyalala za nyukiliya ya ku La Hague, ku France, nzeru yake ndi yomweyo. Ndodo za yureniyamu (mchere wa m'nthaka wopangira magetsi a nyukiliya) zotha ntchito amazisungunula mu asidi, n'kukokamo yureniyamu ndi plutonium pogwiritsa ntchito mankhwala a TBP osakaniza ndi mafuta onga parafini wa m'koloboyi. Pafupifupi 96 pa 100 iliyonse ya ndodozo ingathe kugwiranso ntchito. Zotsalazo, monga caesium-137, zomwe zimatulutsa mphamvu yapoizoni yosaoneka, amazisakaniza ndi galasi losungunuka pa madigiri oposa 1,000 n'kuthira m'migolo yachitsulo. Mu 1978 Ted Ringwood wa ku Australia anatulukira Synroc, mwala wochita kuumba wotsekera poizoniyu m'kati. Ine ndimaukonda kuposa galasi, mwina poti ndi mbiya ndithu.

Koma wokuuzani kuti vutoli linatha akukunamizani, ndipo zimandikwiyitsa. Plutonium-239, umodzi mwa mitundu ya poizoni wopezeka m'ndodo zija, imatenga zaka 24,100 kuti ichepe ndi theka lokha. Zojambula zofiira za Akafula ku Chongoni timazizizwa nazo kuti n'zakalekale, mpaka lero tikukanganabe tanthauzo lake. Nanga ku Finland, komwe akumba dzenje la Onkalo lokwiriramo zinyalalazi mamita oposa 400 pansi pa thanthwe, adzalemba chiyani pakhomo choti adzukulu a adzukulu adzamve kuti "musakumbe pano"?

Yankho lanu tsono

Ayi, moto suzimitsa mphamvu yapoizoni ya zinyalalazi, utsi ungoimwaza m'minda. Komanso kwathu kuno kulibe malo opangira magetsi a nyukiliya. Za ku Kayelekera ku Karonga ndi zotsalira za mgodi wa yureniyamu, ndipo zofunika kuzilondera kumeneko ndi fumbi ndi madzi.