Baibulo likuletsa nkhumba, mpingo ukulola: ndimvere yani?

FUNSO: Ndimawerenga Baibulo ndekha madzulo aliwonse. Pa Levitiko 11:7 ndapeza kuti nkhumba ndi yodetsedwa, koma kumpingo kwathu amadya. Nditafunsa mkulu wa mpingo anangoti "mpingo udalola". Ndimvere yani?
Mayi wa ku Lizulu, Ntcheu.

YANKHO: Mayi, musaleke kuwerenga. Pa Machitidwe 17:11 anthu a ku Bereya anatamandidwa chifukwa ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku ngati zimene Paulo ankalalikira zinali zoona. Yankho la mkulu wa mpingoyo laperewera. Anayenera kukutsegulirani ndime.

Koma vesi limodzi silikwanira. Werengani mutu wonse wa 11. Vesi 6 likuletsa kalulu, mavesi 9 mpaka 12 akuletsa nsomba zopanda mamba, ndiye kuti mlamba watuluka m'mbale, ndipo vesi 29 likutchula mbewa. Ena oletsa nkhumba amagula mbewa pamsewu mtima uli m'malo, chifukwa anauzidwa vesi 7 lokha. Kenaka onani amene akuuzidwa: vesi 2 likuti ndi ana a Israeli.

Mukatero itsatireni nkhaniyo mpaka m'Chipangano Chatsopano. Pa Marko 7:18-19 Yesu akuti cholowa m'mimba sichidetsa munthu. Pa Machitidwe 15 atumwi ndi akulu anakhala pansi ku Yerusalemu kukambirana za Akhristu amene sanali Ayuda, ndipo pa vesi 29 anawaletsa zoperekedwa nsembe kwa mafano, magazi, zopotola ndi dama. Nkhumba sanaitchule. Taonani kuti mlanduwu sanaugamule munthu mmodzi ali kuchipinda kwake, unagamulidwa pabwalo la mpingo. Ngakhale mdindo wa ku Itiyopiya, buku la Yesaya lili m'manja, anapempha Filipo kuti amutsogolere (Machitidwe 8:31).

Mawu akakuvutani, yerekezani mabaibulo awiri. Chichewa cha Buku Lopatulika la 1922 n'chakale, pamene Buku Loyera la 1998 limamveka msanga. Lembani mavesi onse papepala, mupite nawo kumlaga kapena kumphakati, ndipo zikakanika pemphani nthawi kwa abusa kapena bambo mfumu. Pofunsa nenani kuti, "Chonde tandisonyezani pamene palembedwa." Safunsa adadya phula.

Atsogoleri nawonso amaphonya. Paulo anadzudzula Petro maso ndi maso pa nkhani ya kudya pamodzi ndi Akhristu amene sanali Ayuda (Agalatiya 2:11-12). Mbusa wokwiya mukamupempha vesi, kapena woletsa nkhosa zake kutsegula Baibulo, muchenjere naye.

Pa nkhumbapo, ife tikuona kuti kudya si tchimo. Abale a Seventh Day Adventist amamva mosiyana, ndipo sadya. Aroma 14:3 akuti wakudya asapeputse wosadya, wosadya asaweruze wakudya. Ngati mtima wanu sunamasukebe, isiyeni kaye nyamayo pamene mukupitiriza kuwerenga, koma musatuluke mumpingo chifukwa cha ndiwo.