Mukupita ndi ana ku England zaka zitatu? Yambani mwawerenga zaka za mayeso

Mayi wina wa ku Zomba walemba kalata iyi, ndangoifupikitsa:

"Ndapeza mwayi wokachita PhD ku England kwa zaka zitatu ndipo tikufuna kupita banja lonse. Mwana wathu wamkazi ali ndi zaka 14, walemba kumene JCE. Wamwamuna ali ndi zaka 9, ali Sitandade 4. Bambo awo akuti ana asakalowe sukulu za kumeneko chifukwa zimawononga khalidwe. Akuti azikawerenga pakhomo manotsi a kuno, aphunzitsi azitumiza pa WhatsApp, ndipo mtsikanayu adzabwere kudzalemba MSCE. Ine ndikufuna akalowe sukulu konko, mwina n'kudzapitirira mpaka ku yunivesite ya kumeneko. Tikuganizanso kuti nditsogole ndekha mu Seputembala, iwo adzandipeze cha mu Epulo nditakhazikika. Tulo sindikuona. Titani?"

Mayi, makalata otere amachuluka nyengo ino maviza akayamba kutuluka. Amangosiyana dzina la mzinda, wina Johannesburg, wina Nairobi, wina Leeds. Bambo ali pa khalidwe, inu muli pa yunivesite, koma palibe amene wakhala pansi ndi kalendala n'kuona kuti mtsikanayu adzakhala ali kalasi yanji tsiku limene viza yanu idzathe.

Ndiyambe ndi za Epulo, chifukwa ganizo limene likuoneka lanzeru kwambirili ndi limene lingamupweteke mwanayo. Ku England mwana samuika kalasi poona lipoti la kumene wachokera. Amaona tsiku lake lobadwa. Amene pa 31 Ogasiti ali ndi zaka 14 amalowa Year 10 mu Seputembala, ndipo Year 10 ndi pamene pamayambira maphunziro a GCSE (satifiketi yawo ya sekondale), omwe amatenga zaka ziwiri, mayeso n'kulembedwa mu Meyi ndi Juni kumapeto kwa Year 11. Kunena zoona mwana wanu wachita mwayi, zaka zake zagwera pa chiyambi penipeni. Mukamufikitsa mu Epulo adzapeza anzake atatha materemu awiri, mabuku ena a English Literature atawerenga kale, mapulakitiko a sayansi atachita, ndipo palibe mphunzitsi amene adzabwerere m'mbuyo chifukwa cha iye. Kubwereza kalasi monga timachitira kuno si chinthu chimene sukulu za boma kumeneko zimalola wamba.

Palinso ichi. Anzake anasankha kale maphunziro awo ali mu Year 9, choncho wobwera mochedwa amapatsidwa kumene kwatsala malo. Ngati mwanayo ali ndi mtima wa udokotala kapena uinjiniya, tsiku loyamba lomwelo mukapemphe kuti alembe Biology, Chemistry ndi Physics payokhapayokha, zimene iwo amati triple science, osati combined science imene amaphatikiza zitatuzi n'kupereka magiredi awiri. Zimenezi zidzakuthandizani pobwerera, pamene mayunivesite a kuno monga KUHeS kapena MUBAS adzafuna kuona giredi ya phunziro lililonse. Wofika mu Seputembala akhoza kuchonderera n'kumveka. Wa mu Epulo ndikukayika.

Ndiye ngati nyumba yoyamba ikhale yothina, ithine. Nyamukani limodzi. Mukangopeza adiresi, lembani ku khonsolo ya dera limene mukukhala, ndiyo imayendetsa za malo m'sukulu za boma, ndipo ana obwera pa viza ya kholo salipira fizi m'sukulu zimenezi.

Tsopano kwa bambo, ndipo mayi muwawerengere ndime iyi osachotsapo mawu.

Bambo, lamulo la ku England limalola kuphunzitsa mwana pakhomo, zimenezo sindikutsutsa. Funso langa ndi lakuti, adzaphunzitse ndani? Mayi adzakhala ali mu laibulale kapena mu labu mpaka usiku. Inuyo, lendi ya kumeneko ikakulumani mwezi woyamba, mudzakhala muli pa mashifiti ngati azibambo ena onse amene anatsagana ndi akazi awo. Watsala ndi mtsikana wa zaka 14 ali yekha m'nyumba ndi mlongo wake wamng'ono, kunja kwada 4 koloko masana mu Disembala, akuyang'ana zithunzi za manotsi a Chemistry zimene mphunzitsi wa ku Zomba wajambula mothamanga pa foni, tsamba lina mozondoka. Alibe mnzake, alibe labu, alibe womufunsa. Mwezi wachitatu mphunzitsi uja ayamba kuyankha mochedwa, poti nayenso ali ndi makalasi ake. Mukuti mukuteteza khalidwe, koma mwana amene amaswera yekha ndi intaneti tsiku lonse ndiye amene ine ndimamuopera. Komanso MSCE imalembedwa kuno, pa senta ya MANEB, dzina litalembetsedwa miyezi ingapo m'mbuyo, ndi mapulakitiko omwe. Si mayeso ongotsika ndege n'kukhala pa desiki.

Ndikudziwa chimene mudzanene mukagonja: "Chabwino, apite ku sukulu masana, madzulo aziwerenga za MSCE." Ayi. Mapanga awiri avumbwitsa. Silabasi ya GCSE payokha ndi katundu wokwanira kwa mwana amene akuzolowera kalankhulidwe ka aphunzitsi, kuzizira, ndi kukhala mlendo m'kalasi. Kumuwonjezera Agriculture ndi Social Studies usiku n'kumulepheretsa mayeso awiri nthawi imodzi. Makolo timakonda kutula mantha athu pa msana wa mwana n'kumati tikumukonzera tsogolo. Satifiketi ikhale imodzi, ndipo aimalize.

Nkhawa yanu ya khalidwe si yopanda pake. Ana kumeneko amayankha aphunzitsi momwe kuno sitinazolowere, ndipo mwana wanu adzabwera nazo zina kunyumba. Mankhwala ake ndi kudya naye limodzi madzulo, kudziwa anzake, kupita ku misonkhano ya makolo, kupemphera naye ngati ndinu opemphera. Mudziwenso kuti kujombetsa mwana pakati pa teremu popanda chilolezo cha sukulu kuli ndi chindapusa, mapaundi 80 kholo lililonse pa mwana aliyense, choncho maulendo a ku maukwati kuno muziwaika pa holide.

Mayi, nanunso ndikudzutseni. Zoti mwana akalowa sukulu ku England ndiye kuti njira ya ku yunivesite ya kumeneko yatseguka, chotsani m'mutu. Sukulu ya boma ndi yaulere, yunivesite ayi. Mwana amene ali pa viza yodalira kholo lophunzira amawerengedwa ngati wakunja: amalipira fizi ya akunja, imene kawirikawiri imapitirira mapaundi 15,000 pachaka, ya udokotala ndiye osanena, ndipo ngongole ya boma imene anzake a m'kalasi adzatenge iye sadzaiona. Masikolashipu a digiri yoyamba ndi ochepa kwambiri. Musamulonjeze mwana chinthu chimene thumba lanu silingakwanitse, adzakusungirani chakukhosi.

Chimene GCSE ingamuchitire ndi ichi, ndipo si chaching'ono. Posankha ophunzira a ku mayunivesite a boma, UNIMA, MUBAS, KUHeS, MUST, LUANAR ndi MZUNI, a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba kuno, amalandira MSCE kapena satifiketi yofanana nayo, ndipo amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Ana a IGCSE (GCSE yolembedwa m'maiko ena) a ku Kamuzu Academy ndi ku Saint Andrew's amadutsira khomo lomwelo. Chimene muyenera kusamala n'chakuti magiredi a GCSE ku England tsopano ndi manambala, 9 ndiye wapamwamba, 1 wotsika, mosemphana ndi MSCE imene 1 ndiye wapamwamba. Alembereni a NCHE mudakali konko kuti akuuzeni mmene adzawerengere magirediwo, ndipo chaka chilichonse muziwerenga chilengezo chawo, chifukwa chimatchula zaka za mayeso zimene akulandira. Satifiketi ikagonera imatuluka pa mndandanda.

Mfundo yeniyeni ili pa chaka chachitatu. Akamaliza GCSE adzalowa Year 12, chiyambi cha A level (maphunziro okonzekera yunivesite), imenenso ndi ya zaka ziwiri. Inu mukamaliza m'zaka zitatu ndendende, mudzamudula pakati. Apa njira ndi zitatu: abwerere ndi GCSE yake n'kufunsira malo kuno, kapena adzamalize A level pa sukulu ya kuno imene imaphunzitsa A level ngati ndalama yake mwasunga, podziwa kuti mabungwe olembetsa mayeso amasiyana ndipo mwina adzayambiranso, kapena PhD yanu ilowe chaka chachinayi, monga zimachitikira ambiri, iye n'kumaliza konko. Sankhani iye asanalowe Year 12, osati matikiti obwerera atagulidwa. Ndipo mumufunse mwiniwakeyo. M'kalata yanu yonse simunanene chimene iye akufuna.

Za mnyamata musataye nazo tulo. Adzalowa Year 5, ndipo pofika Khirisimasi adzakhala akukukonzani Chingerezi. Vuto lake lidzaoneka pobwerera. Adzakhala ndi zaka 12 alibe PSLCE, pamene kusankhidwira ku sekondale ya boma kumadalira mayeso amenewa, ndipo limodzi mwa mapepala ake ndi Chichewa, chimene palibe sukulu ya ku England imene idzamuphunzitse. Apa ndi pamene bambo angagwire ntchito imene akuilakalaka ija. M'nyumba muzilankhula Chichewa, mutenge mabuku a Chichewa a Sitandade 5 mpaka 8 m'chikwama, Loweruka m'mawa awerenge mokweza tsamba limodzi kapena awiri n'kulemba kandime. Zokwana. Akadzabwera alowe Sitandade 8 chaka chimodzi, alembe ndi anzake. Ngati mukuganiza za sekondale yolipira, dziwani kuti nazonso zambiri zimayamba zamuyesa mwana asanalowe.

Musananyamuke tengani malipoti a ana onse a zaka ziwiri zapitazi, kalata ya kwa ahedi, zikalata zobadwira ndi mabuku a kuchipatala oonetsa katemera. Zotsatira za JCE uzani wachibale adzakutengereni zikatuluka, musazisiye poti mwapita kunja, tsiku lina zidzafunika.

Teremu yoyamba idzakhala yowawa, mtsikanayu adzalira kuti akufuna kwawo, ndipo bambo adzati "ndinanena ine". Limbani mtima. Mwana amene wadutsa masamu a Folomu 2 kuno sakhala wotsalira mu Year 10, bola afike tsiku lotsegulira sukulu. Ndiye za Epulo zija zithe lero, kayambeni za maviza a anthu anayi.